Dzenje la m'Munda wa Khofi

A Manasseh Harawa ayendetsa galimoto m'boma la Rumphi kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Izi amanena okha, koma anthu sawatsutsa. Anabadwira ku Mhuju, mwana wa kalipentala wa pamishoni. Sukulu inawakana ali fomu 2, ndiye anayamba kukwera pamwamba pa lole yonyamula khofi wa alimi a m'mapiri a Phoka, ntchito yawo kumanga zingwe, mpaka dalaivala wa loleyo atatopa ndi mafunso awo anawagwiritsa chiwongolero. Pambuyo pake anayendetsa ambulansi zaka khumi ndi ziwiri. Lero ali ndi galimoto yawoyawo, yoyera, yokalamba ngati eni ake, imene amanyamulira alendo opita ku Nyika ndi ku Vwaza. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, ndipo jekete yakuda savula ngakhale dzuwa la Okotobala likuswa mtengo.

Munthu wotere mungati alibe chomuopsa. Koma kafunseni abale a akazi awo, a Phyllis, kumudzi kwa a Chavula, kuseri kwa Livingstonia. Kumeneko amawatchula kuti mkamwini wa boneti. Akangofika amapereka moni ali chiimire patali, kenako n'kutsekula boneti ya galimoto n'kulowetsamo mutu, ati injini yatentha. Kukakhala ukwati, injini yatentha. Kukakhala maliro, injini yatentha. Tsiku loika apongozi awo aamuna, a Amock Chavula, bokosi ananyamula ndi iwo kuchokera kuchipatala, koma nyimbo zonse za kumanda anazimvera ali pa galimoto, m'manja muli sipanala. Achibale amaseka kuti galimoto ya a Harawa imadwala ikangomva fungo la khofi. A Harawa amaseka nawo.

Nkhani yake ndi iyi. M'chaka cha 2005 kunabwera anthu asanu ochokera ku Blantyre kudzajambula filimu ya mphunzitsi wina wobwerera kwawo kumpoto. A Harawa ndi amene ankawayendetsa, ndiponso kuwapezera malo ndi anthu oti alowe mufilimumo. Filimuyo inkafuna maliro, ndipo maliro amafuna manda. Kumanda enieni palibe akanalola zoseweretsa zotere, choncho a Harawa anakapempha apongozi awo kuti akumbe dzenje m'munda wawo wa khofi. Womwalira mufilimumo anali mlamu wawo Laws, mwana womaliza m'banja la a Chavula, mnyamata wa zaka 24 amene anali atangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Laws ankaseka ndi thupi lonse, mapewa ndi mimba yomwe.

A Amock analinso mkulu wa mpingo, munthu amene Baibulo lake linang'ambika chikuto chifukwa chowerenga. Analola, koma anaikapo mawu amodzi.

"Manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu," anatero. "Mukatha, muikemo thunthu la nthochi. Ine ndine wa mpingo, inde, koma nthochiyo muikemo."

Umu ndi mmene amachitira kumeneko kuyambira kale. Dzenje la manda likakwiriridwa lopanda chogonamo, ati limaitana munthu. A Harawa anawomba m'manja n'kulonjeza.

Thunthu anadula ndithu, m'mawa wa tsikulo. Koma pamene ankamaliza kujambula, kumwamba kunada bii, ndipo ajambuli aja ankayenera kutsika msewu wa Gorodi, uja wa makona makumi awiri wotsikira ku Chitimba, mvula isanausandutse phala. Anthu onse anathawira m'nyumba. Bwana wa filimu anali kale m'galimoto, akuliza huta osalekeza. Thunthu lija linali kumunsi kwa munda, kutsidya kwa ngalande, ndipo kulikweza pamtunda woterera ndi ntchito ya anthu awiri. A Harawa anayang'ana kumwamba, anayang'ana thunthu, kenako anakwirira dzenje choncho, n'kuthamangira kumunsi kukaphimba thunthulo ndi masamba ouma. Kamera inali chiimire pa miyendo yake itatu pansi pa ambulera, kudikira woitenga, ndipo iwo ankayesa yazima. Pokwera galimoto apongozi awo anafunsa ali pakhonde ngati zatheka. Iwo anayankha, "Zonse zatheka, adada."

Patatha miyezi inayi Laws anadandaula mutu Lachiwiri, Lachisanu n'kumwalira. Adokotala anatchula dzina la matendawo, ndipo a Harawa eni ake anali atanyamulapo odwala otere ambiri mu ambulansi. Ankadziwa bwino kuti thunthu la nthochi silichiza mutu wa munthu. Ankadziuza zimenezi poyendetsa, posamba, ngakhale popemphera. Koma anali atanamiza nkhalamba, ndipo nkhalambayo inaika mwana wake. Mulungu sankamuopa kwenikweni pa nkhaniyi, poti anali atamuululira kale kambirimbiri. Ankaopa a Phyllis, ndi amayi awo a Phyllis, NyaMfune, tsiku lodzamva.

Mlandu suwola, anatero akuluakulu, koma sananene kuti umatha kubwera pa minibasi ya ku Mzuzu utabereka chikwama kumsana. Mu Ogasiti 2024 pa depoti ya Rumphi panatsika mayi wina n'kufunsa kumene angapeze a Harawa. Anali Angela Likoswe wa ku Zomba, amene pa nthawi ya filimu ija anali mtsikana wonyamula matepi. Tsopano ankakhala ku Joni, kumunsi kwenikweni kumene amalima mphesa. Ntchito yake inali yozungulira ndi alendo m'minda ya mphesa, kuwalawitsa vinyo ndi kuwaonetsa malo amene kunajambulidwa mafilimu. Bwana wa filimu ija anali atamwalira, ndipo mkazi wake anamupatsa Angela katoni ya matepi onse. Iye anawasamutsira mu laputopu.

"Ndikufuna tizungulire malo onse aja, a Harawa, masiku awiri," anatero Angela. "Paliponse ndiziwaonetsa eni ake zimene tinajambula. Kumene ndiliko anzathu amadyera zimenezi. Ife kuno tili ndi mapiri, tili ndi khofi, tangokhala."

Anawapatsa mabotolo awiri a vinyo ngati mphatso. A Harawa anathokoza, "Yewo chomene," n'kuwakulunga m'thumba la feteleza n'kuwakankhira pansi pa mpando, maso ali uku ndi uku kuopa amayi a kumpingo kwawo. Za ulendowo sanadandaule. Filimu yeniyeniyo anaionerapo kawiri, ndipo maliro ake amathera pa nyimbo, dzenje lisanakwiriridwe.

Anayamba ndi mlatho wa Njakwa, pamene mphunzitsi wa mufilimu anatsikira basi. Angela anajambula zithunzi, anayerekeza miyala ya lero ndi ya mu laputopu, n'kudandaula kuti mtengo wina anaudula. Kuchoka apo anadutsa ku Bolero, fumbi lili kobo m'mbuyo, mpaka ku Mwazisi. Chigafa cha fodya chimene anachisandutsa sukulu mufilimumo chinali chitagwa kalekale, ndipo pamalo pake panali chigayo. Angela anaika laputopu pa benchi ya pakhonde la chigayocho. Posakhalitsa amayi anasiya matumba awo a chimanga pamzere n'kuunjikana.

Apa ndi pamene a Harawa anazindikira kuti zimene Angela ankaonetsa si filimu ija ayi, koma zonse, ndi zomwe zinatayidwa. Munali mayi akukalipira mbuzi yolowa pakati pa ajambuli. Munali mkulu wina, amene anamwalira kale, akuponya mtedza wa alendo m'thumba la malaya, akuyesa palibe akumuona. Ana ake, amene tsopano ndi a imvi, anaseka mpaka kugwirana mapewa, mmodzi n'kuyamba kulira. Munalinso a Harawa eni ake, tsitsi lonse lili m'mutu, akudzikanda msana pa chitseko cha galimoto. Anthu anawaloza n'kuwaseka. Iwo anamwetulira ndi mano okha.

Ali pa msewu wokwera ku Thazima anafunsa ngati munthu wongocheza.

"Kodi mayi, kamera ija simunkaizimitsa?"

"Malemu bwana wathu?" anatero Angela. "Ankati zabwino zimachitika anthu akaiwala kamera. Ankaisiya ikuyenda mpaka tepi ithe."

"Ngakhale kwa apongozi anga kuja?"

"Kumene kuja ndiye kuli matepi atatu. Yomaliza sindinaionere yonse, koma ndinakuonani muli ndi fosholo, mvula ikuyamba. Munali amphamvu bwanji, a Harawa!"

Galimoto inawazimira pomwepo, pamtunda, posintha giya, chinthu chimene sichinawachitikirepo chiyambire kuphunzira. Pa geti ya Thazima alonda a nyama, amene amawadziwa bwino, anawapatsa moni ndi nthabwala zawo za masiku onse. Angela anawaimika pansi pa chikwangwani kuti awajambule, anawauza kuti aseke, anawauzanso. A Harawa sanamve chilichonse cha zimenezi. M'mutu mwawo munali thunthu lotuwa lija, lili gone kutsidya kwa ngalande.

Atafika kunyumba dzuwa lisanalowe anapeza a Phyllis akusita chitenje chawo cha paulendo. A Phyllis ndi mphunzitsi wopuma, mayi wa mawu ochepa, amene akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira zonse zimene sunamalize.

"Ndamva kuti mlendo wanu ali ndi zithunzi za Laws akuyenda ndi kuyankhula," anatero osakweza mutu. "Mawa ndipita nawo. Ndaimbira kale achimwene a Hezron kuti awauze amama."

"Msewu ndi woipa, amayi a Tionge. Mabuleki akundikayikitsa."

"Mabuleki amene mwapita nawo ku Thazima?"

Nkhani inathera pomwepo. Chakudya chinawakanika a Harawa, ndipo anati ndi fumbi la ku Mwazisi lawatseka kukhosi.

M'mawa anatsika Chiweta atatu, a Phyllis kutsogolo, Angela kumbuyo. Pa Chitimba panali golosale imene mphunzitsi wa mufilimu anagulamo sopo wa maliro. Mwini wake anali yemwe uja, koma tsopano ankagulitsa maukonde ndi zingwe za asodzi. Anadziona mu laputopu ali ndi ndevu zakuda n'kuitana msika wonse. Anthu anaonera kawiri, katatu, mpaka Angela anati moto wa laputopu watsala pang'ono, aidyetsa ali m'njira.

Laputopuyo inkadya moto wa m'galimoto kudzera pa kabowo koyatsira ndudu. Amayi awiri aja ali m'golosale kutsanzika, a Harawa anagwada pansi pa chiwongolero, anatsekula kabokosi ka mafyuzi, anasolola fyuzi ya kabowo kaja n'kuiponya m'thumba la jekete. Mkulu wa mpingo, wa zaka 58, amene Lamulungu lapitalo anawerenga malamulo khumi pamaso pa anthu! Anachita manyazi mpaka thukuta, koma fyuziyo sanaibwezere.

Atayamba kukwera Gorodi, Angela anagwedeza chingwe, anachizula, anachilowetsanso.

"Sikulowa moto, a Harawa."

"Magalimoto akale ndi choncho, mayi," anayankha maso ali pa msewu.

A Phyllis anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Makona a Gorodi a Harawa amawadziwa ngati zipinda za nyumba yawo, koma tsiku limenelo kona iliyonse inkawaonekera yafupi kwambiri ndi inzake. Ankalakalaka atapeza lole itatseka njira, kapena mwala utagwera pakati, chilichonse choti abwerere. Msewu unali wouma, wopanda chilema. Pa kona ya khumi ndi chisanu laputopu inazima yokha, Angela n'kudandaula, ndipo a Harawa anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo. Anadutsa Livingstonia, analowa m'minda ya khofi wofiira, amayi akutsika ndi mabeseni pamutu kupita kopukusira. Angela anaiwala za laputopu, ankangofuula kuti alendo ake ataona izi sangafunenso mphesa.

Pabwalo la a Chavula anawalandira a Hezron, achimwene awo aakulu a a Phyllis.

"Monire, alamu! Injini ili bwanji lero?"

Anthu anaseka. Angela anapepesa kuti abwera ndi laputopu yopanda moto, mwina adzaonetsa ulendo wina.

"Moto?" anatero a Hezron. "Mayi, mukuyesa tikadali m'chaka chija? Taonani padenga apo." Panali sola, ikunyezimira padzuwa. A Hezron analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chingwe chachitali.

A Harawa anayang'ana chingwecho. Anachita chimene amachita nthawi zonse. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, anatsekula boneti, analowetsamo mutu. Anamva mapazi m'mbuyo mwawo, kenako mawu a a Phyllis, otsika.

"Bambo a Tionge, lero boneti ayi. Tsekani."

Pa zaka zonsezi a Phyllis anali asananenepo mawu amenewa. A Harawa anatseka, anapukuta manja oyera kale pa kansanza, n'kuwatsatira.

M'nyumba anali atatchinga mawindo ndi zitenje, poti linali dzuwa la masana. Munali anthu ngati makumi awiri, ena pamipando, ena pamphasa. NyaMfune, wa zaka 84, wamfupi, wa lilime lakuthwa, anali atamukalipira kale Angela kuti ku Joni sadya kodi, nanga kuonda kotereku. Maso awo anali atafooka, ndiye anakokera kampando pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi la laputopu. A Harawa anaima pafupi ndi chitseko, dzanja lili m'thumba la jekete, likufinya fyuzi ija.

Tepi yoyamba inayamba ndi Laws atagona pamphasa, maso atatseka, amuna awiri akumuyeza ndi bango monga amayezera womwalira pofuna kukumba manda. Sanapirire. Mimba inayamba kugwedezeka, kenako mapewa, kenako anaphulika ndi kuseka. Anayesanso, anasekanso.

"Mundiyeze bwino, akulu," anatero Laws mu laputopumo, "ndisakapinde miyendo!"

Nyumba yonse inaseka. NyaMfune anatambasula chala n'kukhudza galasi pa tsaya la mwana wawo. "Mwana wane," anatero chapansipansi. A Amock nawonso anaonekera, atavala chipewa chawo cha udzu, akuloza pokumba. A Hezron anatuluka panja kukamina, n'kubweranso.

Tepi yachiwiri inali ya nyimbo za maliro ndi bokosi lopanda kanthu likutsitsidwa n'kukwezedwanso. A Harawa ankawerenga mphindi. Ankaganiza zothamangira panja kukazula chingwe cha sola, ankaganiza zodzigwetsa ngati wakomoka, ndipo maganizo onsewa ankawanyansa eni ake. Tepi yachitatu inayamba. Kumwamba kunada, anthu anabalalika, huta inayamba kulira chapatali. Pagalasi panatsala munthu mmodzi ndi fosholo. Pakona ya chithunzi, kutsidya kwa ngalande, thunthu lija linkaoneka bwinobwino.

A Harawa sakumbukira mmene anadumphira miyendo ya anthu. Anangopezeka atagwada pakati pa laputopu ndi apongozi awo.

"Amama, ndili ndi mawu. Thunthu lija sindinaikemo. Dzenje ndinakwirira lopanda kanthu, thunthu n'kulibisa m'masamba. Adada ndinawanamiza pakhonde apo. Ndiye Laws..."

Mawu anathera pamenepo. Angela, amene sanamve bwino poti a Harawa anali atasinthira m'Chitumbuka, anaona nkhope za anthu n'kuimitsa chithunzi. Kunja kunkamveka makina opukusira khofi chakumunsi. A Harawa anaweramitsa mutu, kudikira kulira, kapena kutembereredwa, kapena kumva a Phyllis akutuluka.

"Ndiye mwati mutiuze lero?" anatero NyaMfune. Sanakweze mawu. "Mumayesa mwini munda sadziwa munda wake? Kutacha apongozi anu anatsika kukaona. Anapeza nthochi ili m'masamba. Anafukula dzenje lonse, anaikamo, anakwiriranso. Laws anapita ndi matenda ake, nthochi ili m'dzenje."

A Harawa anakweza mutu. Chinthu chimene chinawakhala pachifuwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chinasuntha, ndipo anafuna kulira ndi chimwemwe. Koma nkhalambayo inali isanamalize.

"Anatiletsa tonse kukufunsani. Ankati, 'Mwamuna wa Phyllis ndi munthu wabwino, adzanena yekha, musamuchititse manyazi.' Mukabwera ankavala malaya abwino, n'kukhala pakhonde. Anakudikirani zaka khumi ndi chimodzi, mpaka anapita."

Chimwemwe chija chinatha ngati madzi pamchenga. A Harawa anatembenukira kwa akazi awo, amene anali pamphasa, magalasi ali m'manja.

"Inunso munkadziwa?"

"Thunthu lija tinanyamula awiri, ine ndi adada," anatero a Phyllis. "Ine ndinagwira mbali yolemera."

"Osandiuza, zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira kuti mwamuna wanga andiuze."

A Harawa anangokhala chigwadire, misozi ikutsikira pa jekete, osadziwa kuti apepese kwa ndani, poti amene ankayenera kumva mawuwo anali m'manda enieni.

"Tsopano sunthani, mukunditchinga," anatero NyaMfune, n'kuwakankha paphewa ndi nsonga ya ndodo. "Iwe mwana wa ku Zomba, bweza pamene mwana wanga akuseka paja."

Mpando wotsala panalibe. A Harawa anasuntha ndi maondo n'kukhala pasimenti, pafupi ndi mapazi a apongozi awo, ndipo Laws anayambanso kuseka.